Mng'ono Wanga Ankayimbira Mathunthu a Nthochi

Mng'ono wanga anabadwa wolira, ndipo sindikunena kulira kwa khanda. Tikapha nkhuku ankathawira kudimba, ndiwo za tsiku limenelo osazilawa n'komwe. Mayi wina akatukwanidwa ndi mwamuna wake pamaso pa anthu kuchitsime, wolira ankakhala mng'ono wangayo, mwini nkhani akutunga madzi ake phee. Ine ndinali wamkulu, ndipo kunena zoona ankanditopetsa. Ndinamutsinapo kangapo kuti alirire chinthu chooneka. Amayi ankangoti, “Musiye, mwanayu ndi wa misozi yapafupi.” Koma sinali misozi yokha. Anali ngati nyumba yopanda chitseko, chilichonse chodutsa panjira chinkalowa mpaka kuchipinda.

Nkhondo inatipeza kwathu ku Zobwe, m'mphepete mwa malire. M'mawa wina anthu amfuti analowa m'mudzi n'kusankha amuna oti awanyamulire katundu, ndipo bambo anali m'gulu la osankhidwawo. Anawasenzetsa thumba la chimanga chochokera m'nkhokwe yathu yomwe, n'kulowa nawo njira ya kumapiri. Ife tinaima pakhonde n'kumayang'ana thumbalo likukwera mpaka linabisika m'mitengo. Sitinawaonenso. Pasanapite nthawi tinawoloka malire, amayi, ine ndi mng'ono wanga, ndipo tinakulira kumsasa wa othawa nkhondo ku Mwanza, tikudya ufa wolandira pamzere ndi nandolo wosapsa msanga.

Kumsasako ine ndinaphunzira kukankhana pamzere ndi kutukwana. Iye anaphunzira kuyang'ana anthu. Ankatha kukuuza kuti mayi uyo wafedwa posachedwa pongoona momwe wagwirira mbale. Wina asaganize kuti ankangolira, ayi. Akaseka ankaseka mpaka kugwa pansi, ndipo ankatha kuyenda ngati aliyense mumsasamo, kutsokomola ngati iye, kukanda mutu ngati iye. Ine anandipekera kanyimbo konena za mlomo wanga, kuti ndikakwiya umatalika mpaka nkhuku zikhoza kugonapo. Ana a msasa wonse anakayimba, ndipo ndinamumenya chifukwa cha kanyimboko.

Mtendere utabwera tinabwerera. Tinapeza nyumba zitapsa, minda itasanduka tchire, koma mango ndi nthochi zili chilili ngati palibe chinachitika. Titamanga tinyumba tathu n'kulima chaka choyamba, anthu anayamba kuyang'anana kuti watsala ndani. Pafupifupi banja lililonse linali ndi munthu amene sanabwerere, ndipo panalibe wodziwa komwe kuli mafupa ake.

Kwathu munthu wotere sitimusiya m'malere. Timadula thunthu la nthochi lotalika ngati mwini wakeyo, n'kulikulunga m'nsalu, n'kuligoneka pamphasa m'nyumba ya siwa. Adzukulu amakumba manda enieni, ndipo thunthulo limaikidwa ngati mtembo. Zikatero mkazi wamasiye amameta n'kumasuka, ana amagawana makasu, ndipo munthu uja amayamba kutchedwa malemu. Zaka zimenezo, chilimwe chilichonse anthu akangokolola, maliro a nthochi ankatsatizana mudzi ndi mudzi.

Vuto linali misozi. Munthu sungalirire nthochi. Wosowayo anasowa kalekale, abale ake anamulira mobisa kumsasa mpaka maso anauma, ndiye lero akuuze kuti lira pamaso pa chinthu chimene dzulo chinali kuseri kwa bafa! Azimayi ankayamba kulira kwaulemu, kukokera mawu pang'ono, kenaka zii, n'kumamveka nkhuku zokha zikupalasa. Ndipo maliro ouma ndi chipongwe. Abale a mwamuna ankanong'onezana kuti mkaziyu sankamukonda mbale wathu, mwina ali kale ndi wina. Ndinaona ndi maso angawa mayi wina wamasiye akudzipaka fodya wamphuno m'maso kuti apulumuke pakamwa pa alamu ake.

Nyimbo yoyamba inatuluka pamaliro a bambo wina wokhoma ndowa, amene nkhondo isanafike ankakhala moyandikana nafe. Mng'ono wanga anali namwali wongotha msinkhu. Tinali kumanda dzuwa lili pamutu, thunthu litatsitsidwa kale, azimayi atayesa kulira n'kulephera. Ndinangomva mawu pambali panga. Sinali nyimbo ya m'buku la kutchalitchi. Ankayimba za mluzu wa bambo uja, momwe unkathawira pampata wa mano akamaitana galu wake, ndi momwe ankasiyira mwana wake wamng'ono nsima n'kunama kuti wakhuta. Mkazi wamasiye anagwa ngati amuthyola miyendo. Manda onse analira, ngakhale adzukulu, amene ntchito yawo ndi kuseketsa anthu pamaliro. Ine ndinamuyang'ana mng'ono wanga ndi mantha, chifukwa zinthu zimenezo tinaziona tonse tili ana, koma ine ndinali nditaziiwala ndipo iye anali atazisunga zonse.

Kuyambira pamenepo panalibe maliro a nthochi opanda iye. Ankabwera kudzamutenga ngakhale a kuseri kwa mapiri, a mipingo yonse. Anali ndi kachitidwe kake. Ankapita kunyumba ya ofedwa tsiku la maliro lisanafike, n'kukhala pansi ndi mkazi wamasiye kapena mayi wa wosowayo. Sankafunsa kuti munthuyo anatengedwa bwanji kapena anafera kuti. Ankafunsa zinthu zoseketsa: ankakhala mbali iti ya khonde, akakwiya ankatani ndi manja ake, ndiwo zimene ankadana nazo ndi ziti. Akabwerako ankatenga mtondo n'kupita nawo kuseri kwa nyumba, n'kumasinja yekha osalankhula ndi munthu. Nyimbo inkatuluka m'kugunda kwa musi. Ukamva musi wasintha mayendedwe, unkadziwa kuti yabwera. Sankalemba kanthu, ndipo nyimbo iliyonse ankaiyimba kamodzi kokha. Ukamupempha kuti abwereze ankati si yake, inapita ndi mwini wake.

Chimene anthu sankachiona ndi chimene chinkatsala kunyumba. Akachoka kumanda ankagona choyang'ana kukhoma, osadya, osasamba. Ndikamugwedeza ankaloza pachifuwa n'kunena kuti, “Mana, akadali muno.” Mana ndi momwe timaitanira akulu athu aakazi kuno. Atayimbira kamtsikana kamene kanakokoloka pamtsinje anthu akuthawa, anatha masiku akukana madzi, akuti akaona chikho amamva mwanayo akutsamwa. Ndinkachita kumutsegula pakamwa ndi supuni ngati mbuzi yodwala.

Ena ankati ndi mizimu, a katekisiti ankati ndi mphatso ya Mulungu. Onsewo akadya nsima ya pamaliro ankasamba m'manja n'kupita kwawo, wotsala ndi mphatsoyo n'kukhala ine. Panalibe mzimu pamenepo. Mwanayo kuti ayimbe za munthu ankayenera kuyamba wamulowetsa yense mumtima mwake, ndi chifuwa chake, ndi mantha ake a tsiku lomaliza. Ofedwa ankalira n'kupepukidwa, katundu n'kutsalira iye. Ankabwera ndi nkhuku yothokoza, nkhuku imene iye sakanaidya n'komwe. Ndinkawada anthu amenewo, ndipo ena mwa iwo ndimawadabe.

Mng'ono wanga anakwatiwapo ndi mnyamata wina wabwinobwino wolima mbatatesi, amene anabwera kudzamanga pamudzi pathu. Sanakhalitse. Tsiku lina mnyamatayo anamanga kamtolo kake, anagwada pamaso pa amayi, n'kunena maso ali pansi kuti, “Amayi, ine ndinkafuna mkazi, koma m'nyumba mwanga muli maliro tsiku lililonse.” Ine wokonda kutukwanane sindinamutukwane. Ankanena zoona.

Nthawi yonseyi panali nthochi imodzi imene sinadulidwe, ya bambo. Abale a bambo ankabwera chilimwe chilichonse, kukhala pamphasa, kuizungulira nkhani mpaka kufika pomwepo. Amayi ankawadula pakamwa: “Mwamuna wanga si nthochi. Anapita ndi miyendo yake, adzabwera ndi miyendo yake.” M'mawa uliwonse ankasesa pakhonde mbali imene bambo ankakhala, ngakhale khondelo linali latsopano ndipo bambo sanalipondepo. Kuseri kwa nyumba kunali nthochi zambiri. Amayi akadula mkoko, thunthu lake ankalitema nthulinthuli tsiku lomwelo, kuti wina asaliyang'ane n'kuyamba kuganiza.

Ine ndinakwatiwa ku Moatize ndi mwamuna wa Chinyungwe, mlonda wa kunjanji. Ndinkakwera chapa, timabasi tathu tija, kubwera ku Zobwe kudzagula kabichi ndi tomato wokagulitsa kumsika. Chaka china anthu anakolola bwino, ndiye maliro a nthochi anachuluka, poti chodyetsa obwera chinalipo. Nditafika ndinapeza amayi ali pamsewu akufunsa aliyense wodutsa ngati wamuona mwana wawo. Mng'ono wanga tinakamupeza pafupi ndi malire, pomwe amaima malole, wopanda nsapato, atasenza mwala pamutu, akuyenda ngati munthu wotopa ndi ulendo wautali. Anali atangoyimbira mnyamata amene anafera panjira atasenza katundu wa amfuti. Anali atawonda mpaka nsalu kukana kumangika m'chiuno, ndipo oyendetsa malole ankamuseka.

M'mawa mwake, ndikumumangira kamtolo koti ndipite naye, panafika mayi wina wachilendo atanyamula nkhuku. Anagwada bwinobwino.

“Mana, pepani, maliro a amuna anga ndi Loweruka. Angoyimba kamodzi kokha.”

“Mukumuona mmene alilimu?”

“Ndikuona, koma alamu anga andidya wamoyo ndikapanda kulira.”

“Kaguleni fodya wamphuno,” ndinatero, uku ndikutola musi.

Anathawa osatsanzika, ndipo nkhuku yake ndinamuponyera kumsana.

Ndinapita naye mng'ono wanga kuchipatala mumzinda wa Tete. Anamuyang'ana, anandifunsa mafunso ambiri m'Chipwitikizi, ndipo anatipatsa mapiritsi oyera, amene kuno timati makomprimidu, oti azimwa tsiku lililonse osadumphitsa. Anagwira ntchito, sindinama. Mng'ono wanga anagona, anayamba kudya, masaya anabwerera. Anakhala kwanga ku Moatize zaka zambiri, kotentha, kouma, kopanda wodziwa kuti amayimba. A ku Zobwe akandipeza kumsika n'kufunsa za iye, ndinkawauza kuti anapita kutali ndipo alibe foni. Mgodi waukulu wa malasha utatsegulidwa ku Chipanga, tauni inadzaza ndi amuna obwera opanda akazi awo, ndipo iye ankawachapira zovala. Fumbi lakuda linkagwera pazovalazo zisanaume, iye n'kuzichapanso osadandaula.

Tsiku lina ndinabwera kuchokera kumsika n'kumupeza atapha yekha nkhuku, akuisosola, magazi ali m'manja. Ndinalulutira, ndinaitana ndi mwamuna wanga yemwe kuti adzaone. Titadya ndinamufunsa kuti akumva bwanji masiku ano.

“Ngati m'makutu muli thonje, mana.”

“Ndiye kuti bwino, eti?”

“Kulibe bwino, kulibe kuipa. Kuli phee.”

Ndinakhutira ndi yankho limenelo. Ndinali nditamuikira chitseko, ndipo ndinkadziwa kuti khomo lolowera matenda ndi lomwe lija linkalowera nyimbo. Kanyimbo ka mlomo wanga kanasowa, kuseka kogwa pansi kunasowa, ndipo ndinavomera. Ine ndinkafuna mng'ono wamoyo, wonenepa, wochapa zovala. Mwana wa mayi woyandikana nafe atamwalira, iye anatha maliro onse akutsuka mbale maso ali ouma, ndipo ine ndinathokoza Mulungu.

Kenaka amayi anatumiza uthenga kuti tibwere tonse awiri. Tinawapeza atakalamba mwadzidzidzi, tsache litatsamira khoma, pakhonde pali masamba.

“Ndatopa kusesa,” anatero. “Mukakolola mudule nthochi. Sindikufuna kukakumana ndi mwamuna wanga uko ndisanamulire.”

Ndinasangalala, ndinati tiwauziretu a kwaya ya kutchalitchi akonzeke. Amayi sanandiyang'ane n'komwe. Anatembenukira kwa mng'ono wanga.

“Iwe udzawayimbira bambo ako.”

“Amayi, ameneyu anasiya zimenezo,” ndinatero. “Mukufuna tikamutolenso pamsewu?”

“Anayimbira amuna a eni ake mudzi wonse uno. Wanga yekha apite wouma?”

“Mwamuna wanu anapita kalekale. Mwana wanu ndi uyu, ali moyo!”

Amayi anati ndilibe ulemu, ndipo mwina ndinalibedi. Mng'ono wanga anakhala manja ali pamiyendo, akuyang'ana njira ya kumapiri.

Titabwerera ku Moatize ndinayamba kumupatsa ndekha komprimidu m'mawa uliwonse, kumuyang'ana mpaka ameze madzi. Koma patapita milungu ingapo lole ina inagunda galu kutsogolo kwa nyumba, ndipo ndinamupeza atakhala m'fumbi akulira ngati wafedwa. Tsiku lina masana ndikufika pakhomo ndinamva musi kuseri kwa nyumba. Ku Moatize sitisinja, chigayo chili pafupi. Anali atabwereka mtondo kwa apongozi anga. Ndinaima pachipata n'kumvetsera, ndipo musi unasintha mayendedwe.

Makomprimidu ndinawapeza mumng'alu wa khoma la bafa, atawakanikizamo limodzilimodzi. Ankawabisa pansi pa lilime. Ndinapita kuseri n'kukankha mtondo ndi phazi, chimanga n'kumwazika.

“Ukufuna kufa iwe?”

“Ayi, mana.”

“Nanga izi n'chiyani?”

“Ndikamwa sindiwapeza bambo. Ndimawafunafuna, koma ndimangoona thumba likukwera phiri, pansi pake palibe munthu. Panopa ayamba kuoneka. Dzulo ndinawamva akutsokomola.”

Ndinamuuza kuti amayi alire kapena asalire, dzuwa lidzatulukabe. Ndinamukumbutsa za mwala uja ndi oyendetsa malole. Ndinatukwana mpaka oyandikana nafe anatuluka m'nyumba zawo. Iye anagwada n'kumatola chimanga chija njere imodziimodzi.

“Ndi bambo anga inenso, mana. Ndikayimba ndidzamwa. Ndikulonjeza.”

Ndinauza mwamuna wanga kuti amugwire manja ine ndimumwetse. Iye anakana m'Chinyungwe chake, “Nyonyo, ine mlamu wanga sindimugwira ngati mbuzi.” Anthu amandifunsa mpaka lero chifukwa chake sindinamukakamize. Ayesere okha kutsegula pakamwa pa mayi wamkulu amene watsimikiza mtima. Ndikanamumanga ndi chingwe? Ndinapitiriza kumuikira komprimidu pambali pa tiyi m'mawa uliwonse, iye n'kumaibweza m'botolo mwaulemu.

Chilimwe chitafika tinapita ku Zobwe. Abale a bambo anakangana za kutalika kwa thunthu, wina akuti mbale wawo anali wamtali, wina akuti ndi chipewa chinkamutalikitsa. Amayi anadzuka n'kukweza dzanja pamwamba pa mutu wawo. “Ankafika apa.” Anaiwala kuti iwowo afupika ndi ukalamba, choncho bambo anaikidwa aafupi kuposa momwe analili. Palibe anawatsutsa.

Kumanda kunali monga kale. Ambiri mwa obwera anali ana obadwa nkhondo itatha, osadziwa ngakhale nkhope ya bambo. Azimayi anakokera mawu pang'ono, kenaka zii. Amayi anakhala m'mphepete mwa dzenje maso ali ouma gwa, ndipo ndinaona azakhali akukodolana ndi zigongono. Pamenepo mng'ono wanga anaimirira. Anali atayamba kale kuwonda.

Anayimba za chifuwa cha bambo, kutsokomola kumene ankachita asanalowe m'nyumba kuti ana akuba mtedza apeze mpata wobisa manja. Anayimba momwe ankatiwolotsera mtsinje, ine paphewa, iye m'khwapa ngati dzungu. Zonsezo zinkandibwerera pomwe ankazitchula. Kenaka anafika pa m'mawa uja. Ine ndinkakumbukira thumba lokha. Iye anakumbukira kuti bambo, mfuti ili kumsana kwawo, anacheuka n'kuwauza amayi kuti, “Mbuzi zija muzimasule, dzuwa lakwera.” Amenewo ndiwo anali mawu awo omaliza kwa ife, ndipo tonse tinali titawataya kupatula kamwana kolira kaja. Atafika pamenepo nyimbo inatembenuka n'kuyamba kuwayankha:

Mbuzi tinamasula, bambo,
tulani thumba, mwafika.
Pakhonde tinasesa, bambo,
tulani thumba, mwafika.

Amayi anafuula ndi mawu amene sindinawamvepo chibadwire. Analira mpaka kugubuduka, dothi kulowa m'kamwa. Azakhali analira, ana osawadziwa bambo analira. Ine amene sindinalire tsiku limene anatengedwa, kapena zaka zonse za kumsasa, ndinalira mpaka kusanza. Ndikulira choncho ndinamukonda mng'ono wanga kuposa tsiku lina lililonse, n'kumuopera nthawi yomweyo. Inali nyimbo yoposa zonse zimene anayimbapo, zimenezo sindingabise.

Lonjezo lake anasunga. Titangofika kunyumba anamwa komprimidu pamaso panga n'kutsegula pakamwa kuti ndione. Koma mankhwala aja satseka khomo tsiku limodzi. Anagona choyang'ana kukhoma, ndipo nditamugwedeza analoza pachifuwa.

“Sanatule thumba lija, mana. Akuti ndi lolemera, ndipo palibe wowalandira.”

“Nyimbo yatha,” ndinatero. “Bambo agona. Idya phala.”

Anadya pang'ono pofuna kundisangalatsa. Ndinakonza zoti tikangometa ndipite naye kuchipatala.

Tsiku lometa, m'mawa, tonse tinali pabwalo, lumo likuyenda mutu ndi mutu. Nthawi ya mng'ono wanga itakwana ndinalowa kukamudzutsa, ndipo ndinapeza mphasa yokha. Azimayi othirira kudimba anati anamuona akukwera njira ya kumapiri, akuyenda mofulumira, nkhata yosenzera ili m'manja. Atamufunsa komwe akupita, anawayankha akumwetulira kuti akukawalandira katundu bambo. Kwathu mwana akaona kholo lake likubwera litasenza amathamanga kukalilandira, choncho azimayiwo sanadabwe. Anaganiza kuti akunena mmodzi mwa abale a bambo obwera kudzameta.

Tinamufuna mitu ili yometa theka. Amuna anakwera mapiri, anafika mpaka ku Nkondezi. Ine ndinayenda kupolisi ndi m'zipatala, ndinawoloka malire kukafunsa ku Mwanza komwe tinakulira. Ndinayang'ana nkhope za amisala onse a m'misika kuyambira ku Zobwe mpaka pamlatho wa ku Tete, ndipo ena ndinawatembenuza ndi manja anga ali m'tulo masanasana. Sitinapeze ngakhale nkhata.

Amayi sanathe dzinja lotsatira. Masiku awo omaliza ndinkawasambitsa ndi kuwadyetsa, koma mkwiyo unali usanandichoke, ndipo za mng'ono wanga sitinkazitchula. Tsiku lina anandigwira dzanja n'kunena kuti, “Koma anayimba bwino.” Ndinachotsa dzanja langa. Atamwalira anagona pafupi ndi nthochi ya bambo, ndipo kwaya inawayimbira za m'buku.

Malo a ku Zobwe aja ndi anga tsopano. Ndimakhalabe ku Moatize, koma ndimapitako kukalima ndi kukolola. Chilimwe chathachi msuweni wanga, mwana wa amalume, anabwera n'kukhala pamphasa. Anafunsa za mvula, za mtengo wa feteleza, za bondo langa, mpaka anafika pomwe ankapita.

“Mana, zaka zapita. Sitingamusiye m'malere. Tidule nthochi.”

“Nanga adzamuyimbira ndani?”

Anayang'ana pansi, n'kunena kuti mwina ine, poti ndinakhala naye nthawi yaitali kuposa aliyense. Kutalika kwa mng'ono wanga ndikhoza kukuloza, ndipo mankhwala ake ndikudziwa dzina lake ndi mtundu wa botolo. Koma ndayesa kukumbukira mbali ya khonde imene ankakhala, ndi zimene ankachita ndi manja ake akakhumudwa, ndipo sizikubwera. Wosunga zinthu zotere m'banja mwathu anali iyeyo.

Msuweni atapita ndinatenga chikwanje. Kuseri kwa nyumba kunali mkoko wokhwima. Ndinaudula n'kuuika pakhonde, ndipo thunthu lake ndinalitema nthulinthuli dzuwa lisanalowe.